Madzi a Oprea

Pa kakhonde ka fulati ya Safta, m'mwamba mwenimweni mwa nyumba yosanja ya kuseri kwa sukulu, pankakhala mtengo wopindika wonyamulira ndowa ziwiri paphewa. Unakhala pamenepo zaka zambiri, ndipo ana akamasewera pabwalo ankauloza n'kumatsutsana ngati unali uta kapena chogwirira cha khasu la chimphona. Mwini wake ankamudziwa onse: mayi wamfupi wa mpango wakuda, woyenda mopendekera kumanzere ngati wasenza kanthu. Sankalankhula zambiri, koma mwana akagwa pabwalo ndiye ankayamba kufika kudzamupukuta bondo.

Safta anabadwira ku Salcia, mudzi wa m'chigwa kuno kum'mwera kwa Romania, kumene chimanga chimafika mpaka m'mphepete mwa msewu. Kumudziko munthu akamwalira ankati ali ndi ulendo wa masiku makumi anayi, ndipo ulendowo ndi wa ludzu. Choncho abale ankapeza mtsikana wosakwatiwa, akasowa ndiye mayi wamasiye, kuti m'mawa uliwonse azitunga madzi pachitsime n'kukathira m'mitsuko ya makomo ena. Wopereka ankatchula dzina la womwalirayo, kuti madziwa ndi a uje. Wolandira ankayankha kuti, "Mulungu awalandire." Mawu awiriwo akakumana, womwalirayo ankamwa. Wolandira sankayenera kukhala wachibale, chifukwa zopatsana m'nyumba imodzi sizitchedwa mphatso.

Ali mtsikana, Safta anatungirapo anthu angapo, ndipo n'pamene Oprea anamuonera. Anali mnyamata wamtali wa makutu aakulu, amene ankathamangira kuchipata amayi ake asanadzuke kuti alandire yekha madziwo.

"Ine ndikadzafa udzanditungire iweyo," anatero tsiku lina. "Koma ndowa zodzaza, osati zatheka ngati izi."

"Yambani mwafa kaye," anayankha Safta, "za ndowa tidzaona."

Pamene ankakwatirana, minda ya anthu inali itaphatikizidwa kale kukhala famu imodzi ya boma, ndipo malipiro a chaka chonse anali matumba ochepa a chimanga. Kenako m'mudzimo munayamba kufika malole. Amuna ovala majekete achikopa ankaima pakhomo pa sitolo n'kumalengeza kuti kutauni akumanga fakitale ya feteleza, ikufuna manja, ndipo wogwira ntchito bwino adzapatsidwa nyumba ya magetsi. Oprea anakwera. Zaka zitatu ankagona m'chipinda chimodzi ndi amuna anzake, n'kumabwera Lamlungu ndi buledi woyera komanso chifuwa chimene sankachoka nacho kumudzi. Chaka chachinayi anabwera ndi makiyi.

Anagulitsa ng'ombe, nkhosa ziwiri anasiyira Tudora wa nyumba yoyandikana nawo, nyumba anaikhoma. Mwana wawo Sanda, amene anali asanayambe sukulu, anamukhazika pamwamba pa mabulangete m'lolemo. Safta anatuluka pomaliza, mtengo wopindika uja uli m'manja.

"Umenewo ukupita nawo kuti?" anaseka Oprea. "Kumene tikupitaku madzi amatuluka m'khoma."

"Nanga khomalo likadzatopa?"

Khomalo silinatope. Madzi ankatuluka ndithu, onunkha mankhwala, ndipo Safta ankawasiya m'poto usiku wonse asanaphikire nyemba. Anapeza ntchito kochapira zovala za fakitale, kumene maovolosi ankabwera atauma gwa ndi fumbi loyera limene linkadya khungu la m'manja. Pachumuni chachitali pankatuluka utsi wachikasu umene tonse tinkautcha mchira wa nkhandwe. Mphepo ikautembenuzira kumafulati, zovala zoyanika zinkabooka timabowo, ndipo anyezi amene Safta ankadzala m'zitini pakhonde ankafota asanakhwime.

M'nyumba yosanjayo munalibe ndi mmodzi yemwe wobadwira m'tauni. Onse anatsika m'malole omwewo, wina ndi nkhuku m'dengu, wina ndi agogo ake. Komabe mawu otukwana kwambiri pamasitepe anali akuti "wakumudzi". Amayi ankavula mipango n'kupotetsa tsitsi. Didina wa pansi, amene anafika zaka ziwiri zokha Safta asanabwere, ankagwira mphuno akamva wina akuphika kabichi wowawasa, ngakhale mbiya yake ya kabichi inali kuseri kwa chitseko cha bafa.

Sanda anakula pakati pa zimenezi. Anali mwana wabwino, wa mutu wakuthwa pa masamu, wosunga makope ake mwaukhondo. Manyazi amene ankachita ndi amayi ake sanawapange yekha, anawatola pabwalo monga ana amatolera chimfine. Ankawakonza kalankhulidwe patebulo, ndipo pamsonkhano wa makolo ankapempha kuti apite bambo ake.

Oprea anamwalira nthawi yokolola chimanga, Sanda ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Paipi ina inaphulika masana, mpweya woipa unadzaza m'chipinda chimene ankagwiramo ntchito, ndipo anamutulutsa akupumabe. Pamene uthenga unkafika kochapira n'kuti atatsirizika kale kuchipatala. Madzulo ake Badea, mnzake wa pantchito, anakwera masitepe chipewa chili m'manja.

"Munali pomwepo?" anafunsa Safta.

"Ndinali pomwepo, mlamu."

"Ananena chiyani?"

"Musandifunse zimenezo."

"Ndakufunsani kale."

Badea anapotokola chipewa chija. "Ankangoti madzi. Madzi, madzi. Adokotala analetsa, akuti kukhosi kunali kutapsa konse. Ine kapu ndinali nayo m'manja, mlamu, koma anandigwira dzanja."

Maliro anayenda mofulumira. Anamuika kumanda atsopano a kuseri kwa njanji, m'mzere wowongoka ngati mabedi a m'chipatala, ndipo mkulu wina wa kufakitale analankhula nthawi yaitali za matani a feteleza. Safta anapatsidwa masiku ochepa opuma. Kupita kumudzi masiku makumi anayi sikukanatheka: wosiya ntchito ankasiyanso fulati, ndipo sukulu ya Sanda inali kunoko. Madzi a Oprea anayenera kutungidwa m'tauni momwemo.

A mumpopi sakanathandiza. Madzi a womwalira amayenera kukokedwa pansi ndi mkono wa munthu, kuti kutopa kwa wamoyo kufike kwa wakufayo. Safta anayendayenda mpaka anapeza chitsime kutsidya kwa njanji, kumene nyumba zakale zinagumulidwa koma zatsopano zinali zisanamangidwe. Chinali pansi pa mtengo wa mabulosi, pafupi ndi mpanda wa fakitale. Anatunga, analawa. Madziwo anali ozizira, oyera mbee, okoma ngati a ku Salcia. Anabwerera kunyumba n'kutsitsa mtengo uja pakhonde.

"Amayi, anthu ali ndi mipopi," anatero Sanda.

"Bambo ako alibe."

Mwanayo anasenza m'mawa mwake, ngakhale phewa lake linali lisanadziwepo mtengo. Madzi ankakhavukira m'nsapato zake za kusukulu. Amayi ake ankayenda patsogolo kugogoda m'makomo.

Didina anatsegula tsitsi lili m'zopotera. "Kodi mwatsegula golosale ya madzi, a Safta?"

"Awa ndi a Oprea."

"Oprea ndinamulira kale kumanda, ndipo pa nkhata ya maluwa ndinasonkha nawo. Madzi ndili nawo, otentha ndi ozizira. Taonani mukundinyowetsera kapeti."

Mawu oyenera ankawadziwa. Safta anaona milomo yake ikugwedera ngati ikufuna kuwatulutsa yokha. Koma Didina anasuzumira m'mwamba ndi m'munsi mwa masitepe kuona ngati wina akumvera, n'kutseka.

Vintila, woyang'anira nyumbayo, sanadikire kuti amugogodere. Anawapeza pakati pa masitepe. "Mayi Safta, kuno si kumudzi. Masitepewa ndi a tonse. Wina akaterereka n'kuthyoka mwendo, ine ndikatchula dzina lanu. Boma linatikokera mapaipi kuti zinthu ngati zimenezi zithe. Mwanayu mukanamusiya akawerenge."

Nkhalamba ina ya pansanjika yachiwiri inalandira bwinobwino, inayankha mawu onse mwaulemu. Asanatsike n'komwe anamva ikukhuthulira madziwo m'chimbudzi.

Khomo lomaliza linali la Veta, mtsikana wa kumapiri a kumpoto amene anali atangofika kumene ndi mwamuna wake. Anatsegula ali ndi khanda la miyezi iwiri paphewa. Ataona ndowa ndi mipango yakuda, sanafunse kanthu. Anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi poto wamkulu.

"Awa ndi a Oprea," anatero Safta.

"Mulungu awalandire, amayi." Veta anatunga ndi kapu, anamwa, maso ake anadzaza misozi. "Akukoma ngati akwathu. Chifikireni sindinamwepo madzi. Ndimangomeza."

Safta anatsamira chitseko. Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mwamuna wake anamuona Oprea m'maganizo atakhala pansi, akupukuta kukamwa ndi mkono wa malaya. Chifukwa cha kuthokoza anafuna kupatsa mtsikanayo kena kake, ndipo chimene anali nacho anali malangizo. Anali ataona chitini cha mkaka waufa patebulo.

"Mawere anauma?"

"Anauma nditangoyamba ntchito."

"Ndiye mwanayu musamamupatse a mumpopi onunkha mankhwala aja. Muzimusungunulira mkaka ndi awa. Ife tonse tinakulira a pachitsime."

Sanda anasenza sabata imodzi. Anyamata a m'kalasi mwake anamuona akuwoloka njanji, ndipo tsiku lomwelo wina anayika rula paphewa n'kumayenda mopendama pakati pa madesiki, anzake akulira ngati abulu. Dzina linamumatirira pomwepo: bulu wa madzi. Ana si ankhanza mumtima, koma amadziwa pamene makolo awo amaopa kukhudzidwa, ndipo amakhudza anzawo pomwepo. Sanda anafika kunyumba maso ali gwa, osalira.

"Mawa sindipita."

"Upita."

"Sindipita, amayi. Bambo anafa. Ali m'dothi kuseri kwa njanji. Alibe khosi, alibe ludzu. Amene ndili ndi moyo ndine, ndipo mukundiyendetsa m'tauni ngati chiweto."

Safta anakweza dzanja, koma analibweza lisanafike. Anaona kuti phewa la mwanayo lasupuka pansi pa bulauzi. Anatenga mafuta n'kumupaka.

Kuyambira pamenepo ankatunga yekha, kusanache, asanapite kochapira. Sanagogodenso makomo ena. Ndowa zonse ziwiri zinkathera kwa Veta, amene ankamudikira ndi poto ndi mawu ake, nthawi zina ndi kachidutswa ka tchizi cha kwawo. Anayamba kuzolowerana. Safta ankanyamula khandalo pamene mayi wake akuthira madzi, ndipo ankaliimbira motsitsa.

M'sabata yachitatu anaona kuti milomo ya mwanayo yada, ngati wadya mabulosi. Anati mwina ndi kuzizira, anauza Veta kuti amufunditse. Tsiku lotsatira masana, Lamlungu, kukuwa kunadzaza masitepe onse. Khandalo linali litabiriwira thupi lonse, lalefuka, likupuma mwapang'onopang'ono. Anthu anatuluka m'makomo n'kungoima. Amene anaganiza msanga anali Sanda. Anatsika masitepe osavala nsapato, anathamangira kogulitsira mankhwala kumene kunali telefoni, n'kuitana ambulansi.

Kuchipatala dokotala anangoyang'ana mwanayo kamodzi n'kufunsa kuti, "Mkaka mumasungunulira madzi ati?"

Mwanayo anapulumuka, patapita masiku ali pakati pa moyo ndi imfa. Anthu a makoti oyera anapita kuchitsime kuja ndi timabotolo. Anapeza kuti mchere wa feteleza unalowerera m'nthaka kuchokera kuseri kwa mpanda mpaka kufika m'madzimo. Sumveka pa lilime, suoneka ndi maso. Munthu wamkulu amamwa osamva kanthu, koma magazi a khanda amalephera kunyamula mpweya. Patangopita masiku awiri lole inabwera n'kukhuthulira konkire pachitsimepo.

Za mpandawo palibe anazitchula mokweza. Pamsonkhano umene Vintila anaitanitsa pansi pa masitepe, nkhani inali ya umbuli wa anthu akumudzi amene amakana madzi abwino a boma. Didina analankhula kawiri. Mwamuna wa Veta anakwera mpaka m'mwamba, anatenga ndowa imene inali pakhomo pa Safta n'kuiponya pakati pa masitepe, ndipo phokoso lake linamveka nsanjika iliyonse mpaka pansi. Veta atabwera ndi mwana wake, anakumana ndi Safta pakhomo lalikulu. Anaphimba nkhope ya khandalo ndi shawelo n'kudutsa. Sanalonjeranenso mpaka pamene banjalo linasamuka.

Safta anakhala m'khitchini manja ali pamaondo. Sanda anamuikira tiyi, tiyiyo anazizira.

"Mwanayo ali bwino, amayi. Simunadziwe."

"Ndinalawa ndekha," anatero Safta. Kenako anati, "Zimene zinamupsereza kukhosi bambo ako ndi zomwezo ndakhala ndikumumwetsa m'mawa uliwonse."

Masiku makumi anayi anali pafupi kutha, ndipo tsiku lopuma linatsala limodzi. Lamlungu m'mawa Safta anawongola ndowa yopindika ija ndi nyundo, anatenga mtengo wake n'kupita kokwerera basi ya ku Salcia. Ali pamzere anamva wina akumulanda ndowa m'manja. Anali Sanda, atavala nsapato zakale za bambo ake.

Panali patapita zaka zingapo osapitako ku Salcia. Basi inawasiya pasitolo, imene inali yotseka. Mumsewu wa kwawo udzu unafika m'maondo. Nyumba zinali zilipo, zopakidwa laimu kalekale, mawindo atakhomedwa matabwa, mphesa zitaolera pamitengo yake popanda wothyola. Chitsime cha pabwalo pawo chinali chodzaza masamba, unyolo utachita dzimbiri. Anakapa madzi oipawo mosinthana mpaka oyera anayamba kubwera. Safta anatunga m'manja kuti alawe, koma anaima. Lilime lake linali litamunamiza kale. Anadzaza ndowa zonse ziwiri mpaka m'milomo, anasenza.

Pachipata cha Tudora panali unyolo ndi loko.

"Odi kuno. A Tudora."

Panalibe ngakhale galu. Anayesa chipata chotsatira, ndi chinanso. Kumapeto kwa msewu anapeza utsi ukufuka, koma m'nyumbamo munali azakhali ake a Oprea, ogontha, ogona pabedi, amene anawauza mokuwa kuti Tudora anatengedwa ndi mwana wake kupita kumafulati, enawo ali kumanda kapena kufakitale. Azakhaliwo anali achibale. Safta anawathirira madzi mumtsuko osatchula dzina, n'kubwerera.

Anaimanso pachipata cha Tudora, mtengo uli paphewa. Dzuwa linali litapendeka ndipo basi yobwerera inali imodzi yokha.

"Awa ndi a Oprea," anauza chipatacho.

Sanda anamuyang'ana. Kenako anakwinya siketi yake, anaponda pathabwa la mpanda n'kudumphira mkati. Anaima pakati pa udzu, anakonza tsitsi, anatembenukira kwa amayi ake.

"Nenaninso."

"Tuluka m'bwalo la eni."

"Nenaninso, amayi."

"Awa ndi a Oprea."

"Mulungu awalandire."

"Iwe ndiwe mwana wake," anatero Safta. "Sizitheka choncho."

"Ndaima pabwalo la a Tudora. Ndikuyankhira a Tudora. Akanakhalapo akanakana?"

Safta anaganiza. Anatula ndowa imodzi, anaipatsira pamwamba pa mpanda, ndipo Sanda anakathira madziwo m'chomwera nkhosa chimene chinali chitang'ambika ndi dzuwa. Madziwo anatuluka pansi pake n'kulowa m'dothi. Anapita pachipata chotsatira. Anabwerera kuchitsime, anadzazanso, anapitiriza msewu wonse mbali zonse ziwiri, mayi akutchula dzina kunja, mwana akuyankha mkati, miyendo yake itakalika ndi minga. Ndowa iliyonse inali yodzaza.

M'basi anakhala kumbuyo, mtengo uli pakati pawo. Mdima unkagwa pamene chumuni chinaonekera patali, mchira wa nkhandwe utagona pamwamba pa mafulati.

"Amwa?" anafunsa Sanda motsitsa.

"Sindikudziwa, mwanangu."

Sanadziwe mpaka kumwalira kwake. Anafunsapo wansembe wina, amene anamuuza kuti Mulungu amaona mtima, koma Safta sankafunsa za mtima. Anagwirabe ntchito kochapira mpaka manja anakana. Sanda anaphunzira, anakhala namwino mumzinda wakutali, ndipo ankabwera pa Isitala ndi ana ake. Fakitale inadzatsekedwa, chumuni chinazima, ana a anthu a m'mafulati anakweranso mabasi kupita kumayiko ena. Nyumba ya ku Salcia inagwa denga m'chaka china cha chisanu chambiri.

Safta anatsala m'mwamba mwake muja, mtengo uli pakhonde. Masana ankatsika kukakhala pabenchi pafupi ndi bwalo la sukulu, masiwiti ali m'thumba la epuloni. Ana ankamukonda. Ankawamangira zingwe za nsapato, ankawaletsa ndewu, bondo lotupa ankalipukuta ndi nsonga youma ya mpango wake. Koma mwana akabwera wefuwefu, thukuta lili kamukamu, n'kupempha madzi akumwa, Safta ankamusisita kumutu n'kumuuza mofatsa kuti akwere kwa amayi ake.